Kalata ya aMvula kwa Ankhoswe

AOsward Mvula anali pa mzere wachitatu wa kalata yawo pomwe galimoto inaima kumsewu. Sanadzutse mutu. Dzanja lamanja linkagwirabe cholembera monga linkachitira zaka makumi atatu zomwe anaphunzitsa ana ku Sinda. Kalatayo inkapita kwa ankhoswe ku Vubwi, ndipo mawu ake anali ochepa: mlongo wanu Selina wandisiya pa matenda, bwerani tidzathetse ukwati.

Panali patapita masabata asanu ndi limodzi chiwagwetsereni sitiroko, matenda opha ziwalo aja, m'munda wa thonje. Chitulukireni m'chipatala, nkhope ya mkazi wawo anali asanaione. Wowasambitsa, wowaveka ndi wowakhazika pa mpando wa pakhonde anali mwana wawo Lydia. AMvula sanafunse kanthu. Bambo wa imvi safunsa mwana wake kuti amayi ako anathawira kuti. Lydia akayamba kutchula amayi ake, iwo ankangoyang'ana kumsewu mpaka mwanayo atasiya. Mabodza owatonthoza sankawafuna.

Zaka makumi anayi ndi zinayi ali pa banja. Anaika limodzi ana awiri m'manda. Anadya limodzi gaga chaka cha njala. Selina sankaphonya Chigwirizano cha amayi a ku tchalitchi, ndipo ndiye ankatsogolera amayi kukaona odwala a m'midzi ina. Koma wodwala wa m'nyumba mwake anamulemera. Chichokereni iye, ngakhale chakudya chinachepa: mbale ya mbatata inkatha aMvula asanakhute. Nthawi zina fungo la mafuta ake odzola linkawapeza pakhondepo, mtima n'kuwawa ngati chilonda chokhudzidwa ndi mchere. Ankangoti nyumba siiwala msanga.

"Odi kuno, aphunzitsi."

Anali alendo awiri. Wamkulu anati ndi Mayi Sakala, mphunzitsi wa anthu amene amathandiza odwala sitiroko kuyambanso kudzidyetsa, kudziveka ndi kugwira tintchito ta pakhomo. Ankayenda m'midzi ya Sinda ndi Katete pa kafukufuku wofuna kudziwa mmene odwala akukhalira akatuluka m'chipatala. Winayo anali wophunzira wawo, Webby. Lydia anawaikira mipando kutsogolo kwa bambo ake, iye n'kuima pachitseko.

Webby anapereka pepala lodzaza ndi timizere, napempha mwaulemu kuti aMvula adule kamzere kalikonse ndi cholembera. AMvula anaona kuti ndi ntchito ya giredi wani, koma alendo sakanidwa. Anadula, anadula, n'kubweza pepalalo msanga. Webby analiyang'ana, natsegula pakamwa kuti anene kanthu. Mayi Sakala anamugwira pamkono, namuuza chapansipansi kuti asathamangire kulemba, ayambe waona munthuyo ndi pomwe wakhala.

Kenaka mayiyo anafunsa aMvula za tsiku ndi tsiku. Amadzuka nthawi yanji, amavala okha kodi, amadya bwanji. AMvula ankayankha liwu limodzilimodzi, poti lilime linali likadali lolemera. Maso a mayiyo anagwera pa kalata inali pamwendo ija. Sanaiwerenge. Anangoona mmene mawu anapanikizirana m'mphepete mwa pepala.

"Amakusamalani ndani pano, aphunzitsi?"

"Lydia."

"Nanga amayi a kunyumba?"

AMvula anayang'ana kumsewu. Chinali chinthu choti sanachinenepo kwa munthu aliyense, ndipo anachita manyazi kuti woyamba kuchimva akhale mlendo.

"Anapita kwawo. Chidwalireni ine."

Lydia anagwira pakamwa. Cholembera cha Webby chinaima. AMvula anadziwa kuti ndi chisoni, ndipo chisoni cha anthu chinawakwiyitsa kuposa matendawo. Anafuna kunena kuti palibe kanthu, kalata yalembedwa kale, mawa ikwera minibasi.

Mayi Sakala anakokera mpando wawo pafupi. Anatulutsa cholembera chofiira, chonga chomwe aMvula ankachongera nacho makope, nachiimika patsogolo pa mphuno yawo. Anawapempha kuti achitsatire ndi maso, chikawathawa atembenuze khosi, asachisiye. Akuchiyendetsa pang'onopang'ono kupita kumanzere kwa aMvula, anauza Webby kuti aonetsetse, chifukwa izi m'buku zimangotenga ndime imodzi. Maso a aphunzitsi ndi abwinobwino, anatero, koma sitiroko ina imaiwalitsa ubongo kuti dziko lili ndi mbali ya kumanzere. Munthu amadya theka la mbale, amalemba theka la pepala, ndipo sadziwa kuti pali chomwe chikusowa.

AMvula sanamvetsere kwenikweni. Ankalimbana ndi cholembera chija. Chinkazimirira, n'kubwera, n'kuzimiriranso. Khosi linali louma ngati chikuni, koma iwo sanali munthu wogonja pamaso pa mwana wa sukulu. Anakukuta mano, natembenukabe.

Khonde linayamba kutalika. Panatulukira nsanamira yomwe anaiiwala. Panatulukira mtengo wa malalanje womwe anabzala okha. Kenaka mkono wawo wakumanzere, wowonda, utagona pa chitenje cha munthu, zala zina zikuusisita.

Selina anali atakhala pa mkeka, mutu wake utatsala pang'ono kukhudza phewa lawo, misozi ikutsikira m'masaya omwe anali atalowa.

"Kuchipatala anati ndizikhala mbali yodwalayi tsiku lililonse, ndisamachoke," anatero. "Ndinkakulankhulani, aMvula, inu osandiyang'ana. Ndiye ndinangoti mwatopa nane."