Belu Lolira Msanga

Belu la njinga linalira Ponkichi asanafike pachitseko. Anachiwomba ndi mphumi, n'kugwa chagada, anthu muholo n'kufa nacho chiseko. Nonomura, woyendetsa pulogalamuyo, sanaseke. Anasuzumira kudzenje la oimba, kutsogolo kwa nsanja, n'kupukusa mutu.

Linali Lamulungu masana, pa 14 Okutobala 1962, ku Osaka. Sewero lanthabwala la Ponkichi linkaulutsidwa pa wailesi ya kanema nthawi yomweyo likuchitika. Panalibe zobwereza. Cholakwika chilichonse chinkalowa m'nyumba za anthu momwemo.

Woliza beluyo anali Kurahashi, bambo wazaka 58, wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Patebulo pake pankakhala belulo, chitoliro chokoka, timatabwa tiwiri togogoda, ndi sowo ya kalipentala yomwe ankaipinda n'kuikwecha mpaka ilire ngati mzukwa. Lamulo la ntchito yake linali limodzi: munthu agwe kaye, phokoso libwere pambuyo. Likatsogola limaulula nthabwala isanapse.

Iye ndi Ponkichi anayamba kugwirira ntchito limodzi mu 1936, m'timaholo tam'misika, wailesi ya kanema isanabwere. Nthawi yonseyo palibe anamumvapo akuphonya. Koma kuyambira mu Malichi dzanja lake linayamba kufulumira. Timatabwa tinkalira Ponkichi asanapunthwe pampando. Sowo inkabuula asanagwere m'chidebe. Oimba anzake ankanong'onezana kuti ndi mowa. Umboni unalipo: sewero likatha, awiriwo ankatuluka Ponkichi atamugwira pamkono mnzakeyo, pang'onopang'ono, mpaka pokwerera sitima.

Itafika nthawi yotsatsa malonda, mayi wina anaima pa kamera kuyamikira mankhwala a m'mimba. Nonomura anapita kumbali kwa nsanja, kumene Ponkichi ankapukuta thukuta.

"Akuluakulu, a Kurahashi lero ndi komaliza. Lamulungu likubwerali tiika tepi. Maphokoso onse tinajambula kale."

"Tepi?" anatero Ponkichi. "Tepi yakoyo inayamba yadyapo nane mbatata yowola nthawi ya nkhondo?"

"Mwamva nokha belu lija. Akukuwonongerani sewero."

"Mwana iwe, ine ndinayamba kugwa iwe ukuyamwa. Kugwa ndi kwanga, mphumi ndi yanga. Kamdalako kasiye."

"Ndinakumverani mu Meyi, ndinakumveraninso mu Ogasiti. Pano alamula ndi akumwamba, si ine."

"Ndiye ukawauze kuti akachoka iyeyo, nanenso ndanyamuka."

"Ndipo anthu khumi ndi mmodzi a m'gulu lanu la zisudzo akadya kuti?" Nonomura anatsitsa mawu. Iyeyu ankalemekeza Ponkichi kuyambira ali mwana wasukulu. "Mtima wanu aliyense akuudziwa. Koma mwawanyamula mokwanira."

Nyali yofiira inayaka, ndipo Ponkichi anabwerera pansanja akuyenda mwa matewe, anthu n'kuyamba kuseka asanatsegule pakamwa.

Gawo lachiwiri anali woperekera zakudya, atasanjikiza mbale za msuzi mpaka pachibwano, akuthamangitsidwa ndi mwini sitolo. Anathamanga molunjika kumphepete kwa nsanja. Chitoliro chinalira, chokwera, chachitali, kudakali mtunda. Ponkichi anaima zala zakumapazi zili panja, n'kugwedera uku ndi uku, mbale zikunjenjemera. Ana anakuwa. Agogo ena pamzere wachitatu anaseka mpaka kutsokomola. Nonomura anatseka maso. Chitoliro chimenecho chinayenera kudikira mbale zigwe.

Itakwana 1 koloko, pulogalamu inatha. Nonomura anatsikira yekha kudzenje kukanena mawuwo, atanyamula maluwa monga amachitira munthu akamasiya ntchito. Kurahashi anaimirira, anavula chipewa, n'kuwerama kwambiri.

"Ndamva, bwana. Pepani, ndakuvutitsani."

Sanatsutse, sanapemphe sabata ina. Oimba anzake anamugwira paphewa mmodzimmodzi osamuyang'ana kumaso. Wang'oma anati akumane tsiku lina amwe tiyi, n'kutuluka mofulumira. Kurahashi anakhala pansi n'kuyamba kukulunga zida zake m'nsalu yabuluu, chilichonse pachokha, sowo pomalizira.

Holo inatsala yopanda anthu. Ponkichi anali chiimire pakati pa nsanja, pamene sewero linamusiya, ndevu zomata zikulendewera mbali imodzi.

"Kamdala iwe, ulipo?"

"Ndipita kuti ine?"

"Akupatsa chiyani?"

"Maluwa."

"Amtundu wanji?"

"Oyera. Ngati a pamaliro."

Ponkichi anaseka pang'ono, kuseka kwake kwenikweni, kumene anthu a m'nyumba sanakumvepo. "Zaka zonsezi sunaphonyepo, lero ukutuluka ndi dzina la chidakwa. Iwe ngakhale kapu imodzi imakudwalitsa."

"Dzina silipweteka." Kurahashi anamanga mfundo pansaluyo. Kenako anati, "Tingowauza, Ponkichi."

"Usayerekeze."

"Dzenje ili ndi lakuya. Lamulungu ukathamanga ngati lero, akuimitsa ndani? Tepi imalira munthu atagwa kale."

Ponkichi anatembenukira kumene kunkachokera mawuwo, n'kuphonya pang'ono. Nyali zonse za pansanja zinkamuwomba kumaso, koma sanaphethire.

"Ukawauza, ndatha," anatero. "Kuyambira mu Malichi akuseka chitsiru chikugwa. Ndani angaseke wakhungu?"