Nkhope ya Fumie

Wansembe wa kukachisi ku Hilo anali atanena kuti pamaliro mawa pafunika chithunzi cha malemu, choika pafupi ndi zofukiza. Lorraine anagwada pansi, n'kumavundukula zithunzi zimene bambo ake anajambula pamanja, chimodzichimodzi.

"Msana. Msana. Ichinso msana," anatero. "Ababa, zaka makumi anayi mukujambula amayi, nkhope osaijambulako ngakhale kamodzi?"

Bambo akewo, a Shigeru Hamasaki, anaweramira zojambulazo. Pazojambula zonsezo mkazi wawo Fumie anali atafulatira, akulowa m'nkhalango ya mitengo ya ohia, mpango wofiira kumutu. Akatswiri a ku Honolulu ankati imeneyo ndi nzeru yakuya. Zoona zake n'zakuti ankamuimika pamenepo kuti mitengo ioneke kutalika kwake.

Zithunzi za kamera zinapsa pamene chiphalaphala chamoto chinameza nyumba yawo. Tsiku limenelo, wosankha zokweza m'galimoto anali iwowo.

"Ndimujambula lero lomwe," anatero.

Anapera inki pakamwala, n'kunyowetsa burashi. Dzanja linakumbukira lokha khosi, kenako phewa lopendekera kumanzere. Litafika pamphuno linaima. Maso aja anali otalikirana bwanji? Nanga kadontho kakuda kaja kanali patsaya liti?

Inki inadonthera papepala n'kuyamba kufalikira.

"Mwanawe, takhala apo pawindo. Undiyang'ane, usagwedezeke."

Lorraine anakhala, napukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

"Mungovutika, ababa," anatero. "Ine ndinatengera inuyo."