Katupe mu Mgolo wa a Kayira

"Ndodo yabwino, ulusi wolimba, nyambo yapulasitiki yonga chule, zonsezo mumagula kwa ine," anatero a Gani akupukuta sikelo ndi mpango. "Koma mverani, mabwana. Nsomba ikafika pano itafa, ine sindiyeza. Muiike pamthunzi, m'madzi ambiri, ndipo madziwo muzisintha ola lililonse."

A Gani anali ndi sitolo ya zida zowedzera ku Area 2. Loweruka limenelo ndi amene ankayeza nsomba pa mpikisano wa padamu la esiteti ina kunja kwa Lilongwe. Nsomba yake inali bulakibasi, ya kukamwa kwakukulu ija. Lamulo linali limodzi: wobwera ndi yaikulu kuposa zonse pofika folo koloko, ikupuma, atenga chikho.

A Mackford Msowoya sanamve ndi theka lomwe la malangizowo. Maso awo anali pa a Greenwell Kayira, amene ankadzaza madzi mu mgolo wathunthu pafupi ndi galimoto yawo, pansi pa mtengo wa muwanga.

Awiriwa anachokera limodzi ku Zomba pamene unduna wawo unasamukira ku likulu latsopano. Nyumba ya ku Area 10, ya kapinga ndi garaja, inalembedwa dzina la a Msowoya. Koma sabata yogawa makiyi iwo anali chigonere ndi malungo. Podzuka anapeza a Kayira atalowamo kale, makatani atapachika. Iwo anakaponyedwa m'kanyumba ka ku Area 1, kuseri kwa depoti ya basi, kumene fumbi limagwera m'tiyi usanamwe. Akazi awo, mayi Elsie, sankalola kuti tsiku lidutse osaikumbutsa nkhaniyo.

Chaka chonse ankapatsana moni m'makonde a ofesi, kuseka ngati pachibale. Mumtima munali moto. Ndiye ngati sizinakwane, chikho cha chaka chatha anatenganso a Kayira omwewo, n'kukachiika pabalaza lomwe likanakhala la a Msowoya. Munthu angapirire mpaka pati?

"Lero uona chomwe chidameta nkhanga mpala," anadzilankhulira a Msowoya, akugwira thumba la jekete. M'menemo munali botolo la katupe, madzi a masamba osinja aja opherera nsomba m'mitsinje. Anachita kukawafuna okha ku Mitundu.

Cha m'ma leveni ndodo yawo inapindika mpaka nsonga kugunda madzi. Ulusi unalira. Analimbana nayo mpaka anaikokera kumtunda. Abale inu, chinsomba! Chibadwire anali asanagwirepo yotere.

Mgolo analibe. Pamene a Gani ankawauza kusitolo kuti agule, iwo anati n'zamatama. Anaipinda nsombayo m'kandowa kawo, mchira uli pamtunda, n'kukabisa m'bango pomwe panali kamthunzi. Kenako anazungulira kutsidya la damu. Kumeneko ankangoponya mbedza mwamwambo chabe, maso ali pa mtengo wa muwanga uja.

Anadikira mpata, dzuwa likuwotcha pamutu. Nthawi ina anatembenuka kukamasula ulusi womwe unakola m'zitsamba, ndipo zinawatengera kanthawi, akutukwana chamumtima. Atamaliza anaona a Kayira ali kutali, akuyenda pakhoma la damu, akuyang'ana uku ndi uku. Pagalimoto panalibe munthu.

Anafika pamtengo paja mozemba. Pamwamba pa mgolo panali chiguduli chonyowa. Asanachigwire n'komwe anamva kuti phwa! m'katimo. Anavundukula pang'ono.

Mayo! Msana wakuda, wotambalala ngati wa mwana wa nkhumba, unkazungulira pang'onopang'ono m'madzi ozizira. Makha ankatseguka ndi kutseka mwaufulu. Iyi inali yoposa yawo, zosachita kufunsa. Ndiye kuti munthu ameneyu atengenso chikho? Nyumba iye, chikho iye, ulemu iye?

Anatsegula botolo n'kukhuthulira lonse, mpaka dontho lomaliza. Madzi anachita mbuu. Nsomba inadzidzimuka, inagunda mgolo kawiri, katatu, kenako inayamba kupendekeka, mimba yoyera ikuonekera. Chisoni? Cha chiyani? Pamene iwo ankabuula ndi malungo, ndani anawamvera chisoni?

Anabwezera chiguduli bwinobwino, botolo n'kuliponya m'tchire. Mtima unali mbee. Ankaona kale a Kayira akuvundukula mgolo pamaso pa anthu onse, a Gani akupukusa mutu. Ankaona chikho chili pawindo la kanyumba ka ku Area 1, mayi Elsie akuchipukuta fumbi. Analunjika ku bango kuja akuimba mluzu wa nyimbo ya kutchalitchi.

Asanafike anamva wina akuthamanga kumbuyo. Anali a Kayira, thukuta lili kamukamu, buluku litanyowa mpaka m'chiuno.

"A Msowoya! Ndakusakani damu lonseli, munali kuti?" anatero akupuma mwawefuwefu. "Ine lero zandikanika, sindinakole ngakhale kamodzi. Koma ndinapeza nsomba yanu ikugadabuka m'kandowa kaja, dzuwa litaifika. Ndinaithamangitsira mu mgolo wanga ndipo yatsitsimuka bwinobwino. Tiyeni tikainyamule, achimwene, chikho chaka chino ndi chanu!"