Ekizozi ya Lole ya Asajeni

Panali munthu wina amene anzake ankangomutcha Phuma, chifukwa chilichonse ankachifuna lero lomwe. Nkhani yakeyi akuti inachitikadi, ndipo amene amaifotokoza ndi makanika yemwe anaiona ndi maso.

Bambo ake a Phuma anali dalaivala wa asilikali, ndipo mpaka kukalamba anthu ankawaitana kuti Asajeni. Atapuma ntchito anagula chilole chakale chobiriwira, cha lona kumbuyo, chonga chomwe ankayendetsa ku usilikali. Ankachikonda kuposa ana, mwina poti sichinkawayankha. Maso atayamba kuvuta anamupatsa Phuma makiyi, koma ulamuliro sanausiye. Ankakwera kumbuyo ndi ndodo yawo. Akagogoda kamodzi pachitsulo ndiye kuti pita, akagogoda mosalekeza ndiye kuti ima. Vuto linali loti ankagogodanso pa bampu iliyonse ndi pa giya iliyonse yolowa mokukuta, mpaka makutu a Phuma anazolowera kusamva.

Chaka china Asajeni anadwala n'kugonekedwa m'chipatala cha m'tauni. Atapezako bwino, adokotala anawalola kupita kwawo, koma iwo anakanitsitsa kukwera galimoto ina iliyonse. Ankafuna lole yawo. Tsoka ilo, ekizozi yake, paipi yotulutsira utsi, inali itadyeka ndi dzimbiri mpaka kuthothoka, ndipo ikalira agalu onse a mumsewu ankathawa.

Makanika wa pagalaja, amene anakalamba nayo loleyo, anauza Phuma kuti paipi imeneyi si wamba. Inapangidwa mokhota kuti itulukire m'mbali, kutali ndi thandala la kumbuyo, chifukwa asilikali ankakhala m'lona motsekeka. Anati ampatse masiku ochepa, amupindira ina yofanana ndendende ndi yakaleyo.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe," anatero.

Phuma ndi kudekha zinali zosayenderana. Anazungulira mashopu onse a masipeya. Ogulitsa ankangoseka, ena n'kumufunsa ngati loleyo inanyamulapo Nowa. Atafika ku sikilapu, kogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, thukuta lili kamukamu, anakumana ndi bambo wina wa ovolosi yoyera bwino, chinthu chomwe chikanayenera kumudabwitsa pamalo a girisi ngati amenewo.

"Bwana, mwayenda ndi mwayi. Paipi ndi paipi, utsi suwerenga dzina la galimoto. Amakanika akalewa amangofuna muziwagwadira."

Anatulutsa paipi yonyezimira ya galimoto ina yaing'ono, n'kuiwotcherera yekha masana omwewo. Inali yaifupi, yothera pansi penipeni pa thandala. Lole inalira mofatsa, Phuma mtima unakhala pansi.

Podutsa pagalaja anaima kuti adzionetse. Makanika anagwada, anasuzumira kunsi, anadzuka nkhope itagwa. Anamuonetsa mipata ya pakati pa matabwa a thandala, momwe munkalowa chala. Anamuuza kuti utsi wonse uzikwera m'menemo, ndipo utsi umene umapha suoneka, umangogoneka munthu tulo.

"Katundu nyamula. Koma munthu usamuike kumbuyoku lona ili yotseka. Wandimva?"

Phuma anavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ankati nsanje basi, mkuluyu zamuwawa kuti ntchito yapita kwa wina.

M'mawa mwake anakatenga bambo ake. Popeza sakanatha kukhala tsonga ulendo wonse, anawayalira matiresi kumbuyo, ndipo mwana wake wamkazi anakwera komweko kuti aziyang'anira agogo akewo. Atangotuluka m'tauni, mvula inayamba ya mphepo. Phuma anaima, anatsitsa lona mbali zonse n'kumanga zingwe zolimba kuti wodwala asanyowe. Anachita zimenezi chifukwa cha chikondi, ndipo n'zimene zimapweteka kwambiri pa nkhaniyi.

Atayenda ndithu, ndodo inayamba kugogoda. Go go go go, osalekeza.

"Ndamva, bambo, msewu ndi woipa, si ine," anakuwa Phuma osacheuka.

Ndodo inapitiriza. Iye anaponda mafuta kuti akafike msanga. Kugogoda kuja kunayamba kufooka, kukumveka patalipatali, kenako kunasiya. Phuma anapumira m'mwamba, n'kuganiza kuti mdala watopa.

Patsogolo pang'ono lole inagwera m'dzenje lalikulu mpaka mutu wake unagunda denga. Anadikira ndodo. Kunali zii. Asajeni anali asanakhululukirepo dzenje chibadwire. Apa m'pamene mawu a makanika anamubwerera onse.

Anaimika lole pakati pa msewu n'kuthamangira kumbuyo. Mfundo zonyowa zinakana kumasuka. Anaitana mwana wake, osayankha. Anaitana bambo ake, osayankha. Anadula chingwe ndi mpeni n'kukankha lona, ndipo mpweya wotentha wa utsi unamumenya kumaso.

Mtsikana anali chigonere m'mbali, nkhope yake ili pa kabowo ka lona komwe kanang'ambidwa kumene ndi nsonga ya ndodo. Asajeni anali atachoka pa matiresi, dzanja limodzi lili pamsana pa mdzukulu wawo, lina litagwirabe ndodo.

Mtsikanayo anatsitsimuka kuchipatala. Asajeni sanadzukenso. Wa ovolosi yoyera uja, ku sikilapu kunalibe amene ankamudziwa.

Mwana atayamba kulankhula, Phuma anamufunsa chimene chinachitika. Anati mutu unayamba kumuwawa, miyendo n'kulemera, ndipo agogo anamukokera pa bowo lija.

"Anandiuza kuti, 'Usaope, puma apa. Bambo ako chizindikiro amachidziwa, aima pompano.'"

Phunziro: Amene akukuchedwetsa si mdani wako, ndipo amene akukuuza zimene ukufuna kumva sadzakhalapo pa maliro. Chitsulo kulowa pamalo sizitanthauza kuti ndi pake. Mverani amene ntchito amaidziwa, ndipo wina akagogoda, imani mukaone. Musaisunge nkhaniyi mufoni mwanu, itumizeni kwa madalaivala ndi abale onse, mwina wina aima nthawi ikadalipo.