Womaliza pa Benchi

Zuhura anafika pa kachipatala ka manoko chitseko chisanatsegulidwe, ndipo anali woyamba pa benchi. Anachoka ku Liwaladzi ndi matola oyambirira, tsaya litatupa ngati wabisamo bango, khanda lake Ummy atalisiya kwa mlamu wake ndi kaphala m'kapu. Dzino la m'munsi linali litamusautsa masiku anayi. Mwamuna wake Fakiri, amene ankapikula nsomba n'kumakagulitsa ku Lilongwe, ankangoti atafune kalafuu, tinjere tonunkhiritsa tiyi tija, pakuti kachipatala kameneko n'ka anthu osadziwa ntchito. Kalafuuyo anatafuna mpaka lilime kuchita dzanzi. Dzino silinamve.

Kachipatalako kanali m'nyumba yomwe kale inali sitolo, kamodzi mwa tija tinaphuka matipate atangobwera. Ozula mano anali a Raston, bambo wamtali wosalankhulalankhula. Wolandira makhadi ndi kuwiritsa zitsulo anali Dyna, amene Zuhura anakula naye, masanje limodzi, kudambo limodzi. Atamuona mtima unakhala pansi, akuti lero ndithandizidwa msanga. Koma Dyna analandira khadi, naliyang'ana nthawi yaitali ngati dzinalo n'lachilendo, kenako naliika padera pawindo.

Kuitana kunayamba. Analowa agogo a ku Benga amene anafika dzuwa litakwera kale. Analowa bambo wa ovololo ya kumunda wa nzimbe. Analowa mphunzitsi, analowanso mkazi wa mphunzitsiyo, amene ngakhale tsaya silinatupe. Aliyense ankatuluka ataluma thonje, Dyna n'kutsuka zitsulo, kuziponya mumpoto wowira pa pulayimasi, kudikira nthawi yake, n'kuitana wina. Onsewo ankamudutsa Zuhura pamaondo pomwe, ena n'kupepesa, ena ayi.

Chifukwa chake sichinafune woombeza. Chaka cha mavoti Zuhura anavala nsalu yachikasu, pomwe kwawo kwa Dyna anali a tambala wakuda kuyambira agogo awo. Zotsatira zitatuluka pa wailesi Zuhura anavina, ndipo, tinene zoona, anakavinira dala pakhomo pa amake Dyna. Chichokereni apo moni wawo unali wa pakamwa pokha. Koma zaka ziwiri zathunthu? Munthu wamkulu, wa ana ake, kusunga chakukhosi mpaka kudzachitulutsira pa dzino la mnzake?

Azana yoitanira mapemphero a masana inamveka kuchokera kumzikiti. Mabere anayamba kulemera, mkaka n'kunyowetsa bulawuzi, iye n'kufunda nsalu kuti anthu asaone. Uko mwana ayenera kuti analira mpaka kusasa mawu. Zuhura anadzuka kukafunsa ngati khadi lake lasowa. Dyna, maso ali pa mpoto, anangoti adikire pang'ono amake Ummy, afikiridwa. Amake Ummy. Munthu amene moyo wonse ankamuitana kuti iwe Zu.

Anabwerera pa benchi. Kuchoka sakanachoka, dzino silikanalola. Anangokhala n'kumakonza mawu oti adzamulavulire likangotuluka.

Benchi itatsala ndi iye yekha, anaona zochitika m'katimo pachitseko chosatseka bwino. Mpando umene anthu onse anakhalapo uli wosayala, Dyna anali kuuyala pulasitiki. Pambali anaika beseni la madzi a Jiki, fungo lake mpaka pakhonde. Zitsulo sizinachokere mumpoto uja, zinachokera m'kabokosi kakekake kopakidwa utoto wofiira. A Raston anavala magolovesi, navalanso ena pamwamba, ndi magalasi aakulu ngati a munthu wowotcherera.

Kenako anamuitana. Jakisoni, kudikira, kugwedeza kawiri, dzino linatuluka. A Raston anamuuza zoti asachukuche m'kamwa mpaka mawa, kenako azichukucha ndi madzi ofunda a mchere, natuluka kukasamba m'manja kuseri. Zuhura sanadikire. Anachotsa thonje m'kamwa, magazi akuchuchabe.

"Dyna, ine ndi galu kodi? Ngati ndi za mavoti zija, nena, ndinavina inde. Wandisunga tsiku lonse mwana ali ndi njala, wandiyalira pulasitiki ngati ndikodzera mpando wanu. Ndalakwanji chachikulu chotere?"

Dyna, beseni lili m'manja, anakankha chitseko ndi phazi n'kuchitseka. Anayankha motsitsa mawu kuti za mavoti anaiwala kalekale, amene anapambana ndi amene anagonja onse akugula sopo mtengo umodzi. Zitsulo, anatero, amawiritsa za aliyense mofanana, koma adokotala anaika lamulo loti odziwika azilowa pomaliza, kuti zawo zikhale mu Jiki mpaka mawa. Iyenso lamulolo silinkamusangalatsa, n'chifukwa chake tsiku lonse ankalephera kumuyang'ana m'maso. Koma asade nkhawa, sanauzepo munthu, ngakhale amake omubereka.

"Odziwika chiyani?"

Dyna anaika beseni pansi. Anamuyang'ana tsopano, koyamba tsiku limenelo, ndipo nkhope yake inasintha pang'onopang'ono.

"Iwe Zu. A Fakiri anabwera kuno mwezi wa Malichi ndi zilonda zoyera m'kamwa, adokotala n'kuwatumiza kukayezetsa magazi. Atabwera ndi pepala tinawauza kuti abwere nawe. Anati palibe chifukwa, munakayezetsa limodzi, ndipo kachilombo ka Edzi anakupezani nako nonse awiri."

Zuhura anali asanapiteko kukayezetsa kulikonse. Za pepalalo ankazimva koyamba, ndipo mwezi unali wa Okutobala.