Tsiku Limene Photsaneng Idalira

Mtembo utangogonekedwa pa siteji, a Lyson Kachingwe adamva munthu akufwenthera kumbuyo kwa tenti. Adatchera khutu. Sichidali chiseko.

A Lyson adasiya uphunzitsi ku Ntcheu mu 1994 n'kudzagwira maganyu openta nyumba ku Joni, koma mtima wawo udali pa zisudzo. Adayambitsa Chikondwerero cha Zisudzo cha ku Photsaneng m'tenti yobwereka kutchalitchi, pafupi ndi hositelo ya mgodi. Vuto lidali limodzi. Iwo ankalemba masewero achisoni okhaokha, koma anthu ankaseka mpaka kugwa pamabenchi. Atswana ndi Axhosa sankamva Chichewa. Akangoona Tahiru, mlonda wa pagalaja wochokera ku Mangochi, akuvula nsapato mwaulemu asanafe m'sewero, nthiti zinkawapweteka.

Mu 1996 a Lyson adalumbira kwa mkazi wawo, Christobel: "Akasekanso ulendo uno, ndiwotcha makatani onse, tibwerere kumudzi."

Tsono masana a tsiku la sewerolo mayi wogulitsa magwinya, mandasi a kumeneko, pakhomo adayamba kupukuta m'maso. Kenako mzere wonse wakumbuyo. Amuna obowola miyala pansi pa nthaka, oti sadalire ngakhale pamaliro a amayi awo, misozi idali mbwembwembwe. Chisoni chidayenda benchi ndi benchi kulowera kutsogolo. Galu wa abusa naye adayamba kubuula. Mtembo uja nawo udadzuka n'kukhala tsonga, Tahiru akulira maliro ake omwe.

A Lyson adamva maso awo akutentha. Ndiye kuti sadalakwitse ntchito padziko pano. Anthu atayamba kutuluka chothamanga atadziphimba kumaso, iwo adawamvetsa: sewero lolasa mtima chotere ndani angalipirire mpaka kumapeto? Adakwera pa siteji, nawerama pamaso pa mabenchi opanda anthu, nayamba kuthokoza aphunzitsi awo a Sitandade 5 amene adawapatsa mbali ya bulu m'sewero la Khirisimasi.

Christobel adawakoka malaya, atatseka mphuno ndi chitenje chonyowa.

"Bambo a Yamiko, tiyeni. Alonda a mgodi aponyera utsi wokhetsa misozi anthu onyanyala ntchito kuhositelo uko. Mphepo yautengera wonse muno."

A Lyson adaima kanthawi akutsokomola. Kenako adafunsa motsitsa mawu: "Nanga adzanyanyalanso liti? Tikonzeretu tsiku."