Uthenga Wotseka ndi Loko

"Ngakhale apolisi sangauwerenge, amwene," telala anauza wometa uku akugwedeza foni yatsopano. Iye ndi chibwenzi chake chamseri anali atasiya kulemberana. Mufoni ya aliyense munali kapulogalamu kotumikira, ndipo timapulogalamuto ndi timene tinkapangana tsiku ndi malo, mauthenga ake otseka ndi loko.

"Nanga alamu kunyumba?" anafunsa wometa.

"Amenewo? Foni amaidziwa poyatsa tochi basi."

Lachisanu telala anadzithira perefyumu n'kupita ku lesitilanti imene inasankhidwa. Pa tebulo la pakona anapezapo mkazi wake, atavala diresi limene anamusokera yekha, akumwa tiyi ndi chibwenzi chija.

Telala anali ataiwala kuti tsiku logula foni analamula kapulogalamuko kuti kasamamuikire zochita pa nthawi imene akufunika kunyumba. Pomvera lamulo, kanayamba kafunsa kanzake ka mufoni ya mayi ngati bambo angachokepo Lachisanu, n'kutchula malo ndi munthu wokakumana naye.

"Khalani pansi, bambo a ana," anatero mkaziyo akukoka mpando. "Musade nkhawa, uthenga unafika wotseka bwinobwino. Palibe anauwerenga panjira."